Musanaseke wogwa pa ayezi, onerani mphindi zonse zinayi

Kavidiyoko kanafika pagulupu yathu ya WhatsApp usiku wina mu February 2022, magetsi atazima, foni yanga ili pafupi kutha moto. Kanali ka masekondi osapitirira 15. Mtsikana wovala kadiresi kakuda kokhala ndi zofiira akuthamanga pabwalo la ayezi, kenako wadumpha, wazungulira m'malere, potera khuu pansi. Amene anakonza kavidiyoko anaikamo phokoso la anthu akuseka ndipo kugwako anakubwereza katatu. Ine ndinaseka. Ndinakatumizanso kugulupu ya anzanga a kusekondale, pansi pake n'kulembapo kuti, "Azunguwa kusowa chochita eti?"

Loweruka lake, mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye anabwereka foni yanga kuti afufuze za homuweki. Nthawiyo anali Fomu 2. Patapita kanthawi anabwera pakhonde pomwe ndinakhala.

"Amalume, mtsikana amene mukumusekayu mukumudziwa?"

Ndinati ayi.

"Dzina lake lalembedwa pakona apa. Ndamufufuza. Ali ndi zaka 15 ngati ine."

Dzinalo linali Kamila Valieva wa ku Russia. Usiku umenewo ndinagula bando n'kuonera sewero lake lonse, kuyambira pomwe akulowa m'bwalo mpaka pomwe akutuluka nkhope ataibisa m'manja. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikutsatira masewero a figure skating, kapena titi kuvina motsetsereka pa ayezi, ndipo chachikulu chomwe ndaphunzira n'chakuti timavidiyo timene timatumiziranati timadula gawo lenileni la nkhani.

Chomwe kavidiyoko kanabisa

Umo munali mumpikisano wa Olympics wa masewero a nyengo yozizira ku Beijing, m'dziko la China. Masiku ochepa kugwako kusanachitike, Valieva anakhala mkazi woyamba kudumpha n'kuzungulira kanayi m'malere pa Olympics, ndipo anathandiza timu yake kutsogola pampikisano wa matimu. Kenako panatuluka nkhani yoti pomuyeza pa 25 December 2021 anamupeza ndi trimetazidine, mankhwala a mtima omwe ndi oletsedwa m'masewero. Omuyimira ankati mankhwalawo anamulowa mwangozi kuchokera kwa agogo ake aamuna omwe ankadwala mtima. Bwalo la milandu ya zamasewero la CAS linamulola kupitiriza mpikisano nkhani ili mkati.

Tangoganizani mwana wa Fomu 2 amene atolankhani a dziko lonse akumuthamangira kwa sabata yathunthu, aliyense akufunsa ngati ndi wakuba. Pa sewero lomaliza analowa m'bwalo akutsogola, koma anagwa kawiri, n'kupunthwanso kangapo, ndipo anathera pa nambala 4. Potuluka akulira, kamera inagwira mphunzitsi wake Eteri Tutberidze akumufunsa chifukwa chomwe wafookera mkati mwa sewero. M'mawa mwake Thomas Bach, yemwe nthawiyo ankatsogolera komiti ya Olympics, anauza atolankhani kuti anakhumudwa ndi kuuma mtima komwe akuluakulu anamulandira nako mwanayo.

Amene anapambana tsikulo nawonso anali ana. Anna Shcherbakova, wa zaka 17, atapata golide anakhala yekhayekha atakumbatira chidole, popanda womuyamikira. Alexandra Trusova, nayenso wa zaka 17, ankalira mokuwa ngakhale anapeza siliva. Atatu onsewo anali a mphunzitsi mmodzi. Zonsezi m'kavidiyo kanga munalibe. Munali kugwa kokha ndi phwete.

Kodi amapikisana chiyani kwenikweni?

Poyamba ndinkaona ngati ndi gule chabe, amene wavala bwino ndi kumwetulira kwambiri ndiye wawina. Ayi ndithu. Bwalolo limakhala la mamita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi, ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a bwalo la mpira. Kunsi kwa nsapato kumakhala chitsulo chonga mpeni, chochindikala mamilimita 4 okha, kuchepa kuposa pensulo. Chitsulocho chili ndi mbali ziwiri zakuthwa, yamkati ndi yakunja, ndipo kutsogolo kwake kuli timano tomwe amabaya nato ayezi podumpha. Thupi lonse limadalira kachitsulo kameneko.

Wopikisana amalowa m'bwalo kawiri. Koyamba ndi sewero lalifupi la mphindi ziwiri ndi masekondi 40, kachiwiri ndi lalitali la mphindi zinayi. Mapointi a masewero awiriwa amaphatikizidwa. Pali mpikisano wa amuna, wa akazi, wa awiriawiri pomwe mwamuna amanyamula mnzake pamwamba pa mutu ndi kumuponya m'malere, komanso wa ice dance womwe umayang'ana kwambiri mapazi ndi kutsatira nyimbo.

Kadumphidwe kalipo ka mitundu 6: toe loop, Salchow, loop, flip, Lutz ndi Axel. Ena mwa mainawa ndi a anthu omwe anayambitsa kadumphidweko. Ulrich Salchow wa ku Sweden ndi amene anapata golide mu 1908 ku London, pomwe masewerowa analowa koyamba mu Olympics. Axel Paulsen wa ku Norway anaonetsa kadumphidwe kake mu 1882. Kwa ongoyamba kuonera, Axel ndiye wosavuta kumuzindikira, chifukwa ndi yekhayo amene munthu amanyamuka akuyang'ana kutsogolo. Popeza kutera konse kumachitika chammbuyo ndi mwendo umodzi, pa Axel pamaonjezereka theka la kuzungulira. Ndiye mukamva kuti triple Axel, dziwani kuti munthuyo wazungulira katatu ndi theka, ndipo zonsezo zachitika sekondi imodzi isanakwane.

Masamu a majaji

Kuno tikaluza mpira timathamangira kunena kuti refa wadya. Ku ayezi zinachitikapo poyera. Mu 2002 ku Salt Lake City, m'dziko la America, golide wa awiriawiri anapita kwa Elena Berezhnaya ndi Anton Sikharulidze a ku Russia, pomwe ambiri ankaona kuti Jamie Salé ndi David Pelletier a ku Canada achita bwino koposa. Jaji wa ku France, Marie-Reine Le Gougne, anamveka akunena kuti anakakamizidwa kuvotera a ku Russia, ngakhale pambuyo pake anasintha mawu. Mapeto ake mamendulo a golide anaperekedwa kumbali zonse ziwiri, ndipo bungwe loyendetsa masewerowa la ISU linathetsa njira yakale yopereka malikisi, yomwe 6.0 ndiyo inali pamwamba. Njira yatsopano inakhazikitsidwa mu 2004.

Masiku ano chilichonse chili ndi mtengo wake ngati pamsika. Gulu lina la akatswiri limaonetsetsa, ngakhale kubwezera vidiyo pang'onopang'ono, kuti munthu wazungulira kangati ndipo wanyamukira mbali iti ya chitsulo. Kenako majaji 9 amaonjezera kapena kuchotsera malinga ndi ukhondo wa chomwe wachita, kuyambira -5 mpaka +5. Malikisi apamwamba kwambiri ndi otsikitsitsa amatayidwa kuti jaji mmodzi asakokere kwake. Palinso mapointi ena a luso la kutsetsereka, kasanjidwe ka sewero ndi mmene munthu waitanthauzira nyimbo. Kabokosi kamene mumakaona pakona ya sikirini kakusintha manambala kamakhala kakuwerengera mapointi sewero lili mkati.

Nawa masamu omwe ananditsegula maso, potengera malamulo omwe ankagwira ntchito ku Beijing. Lutz wozungulira katatu mtengo wake ndi 5.9. Lutz wozungulira kanayi ndi 11.5. Ukazungulira kanayi mokwanira koma n'kugwa potera, majaji amakudula theka la mtengowo, n'kuchotsanso pointi imodzi ya chilango. Umatsala ndi 4.75. Mwaona? Wogwa pa chovuta watsala pang'ono kufanana ndi amene wachita chosavuta mwaukhondo, ndipo akangotera bwino wamusiya kutali. Mphunzitsi aliyense wodziwa kuwerengera amauza ophunzira ake kuti azungulire kanayi.

Apa ndi pomwe nkhani ya ana imalowera. Thupi laling'ono ndi lopepuka, lomwe silinakhwime, limazungulira msanga. N'chifukwa chake mndandanda wa akazi opata golide wadzaza ndi atsikana: Tara Lipinski anali ndi zaka 15 mu 1998, Sarah Hughes 16 mu 2002, Adelina Sotnikova 17 mu 2014, Alina Zagitova 15 mu 2018. Yulia Lipnitskaya, amene anagwedeza dziko ku Sochi mu 2014 ali ndi zaka 15, anasiya masewerowa mu 2017 atalandira chithandizo cha matenda a anorexia, omwe munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa. Anali ndi zaka 19 zokha. Anzake a msinkhu umenewo kuno amakhala akudikira zotsatira za MSCE, iye ntchito inali itatha kale.

Zomwe zinachitika ku Beijing zinakakamiza ISU kusintha. Mu June 2022 anagwirizana zokweza msinkhu wolowera mipikisano ya akuluakulu kuchoka pa zaka 15 kufika 17, ndipo lamuloli linafika pa 17 kuyambira nyengo ya 2024 mpaka 2025. Valieva yemwe, mu January 2024 bwalo la CAS linamuletsa kusewera kwa zaka zinayi kuwerengera kuchokera tsiku lomwe anayezedwa, n'kufafaniza zotsatira zake. Timu ya America inalandira golide wake, ya Japan siliva, mu August 2024 ku Paris, patatha zaka ziwiri ndi theka. Ine chimandiwawa n'chakuti dzina lomwe dziko lonse likulikumbukira pa mlanduwu ndi la mwanayo. Mwana wa zaka 15 sadzilembera yekha mankhwala, sasankha yekha dokotala, ndipo nthawi zambiri sasankha yekha ngakhale chakudya chake.

Kugwa kumasiyana

Musaganize kuti ndikuti masewerowa ndi oipa. Ndikanakhala kuti ndikuganiza choncho sindikanamathera bando yanga pamenepo. Ku Beijing komweko kunali munthu winanso amene anagwa kawiri n'kuthera pa nambala 4, koma nkhani yake ndi ina.

Yuzuru Hanyu wa ku Japan anali ndi zaka 27, golide wa 2014 ndi wa 2018 ali kale m'thumba. Kwawo ndi ku Sendai, ndipo chivomezi chachikulu cha mu March 2011 chinamupeza ali pabwalo akuphunzira, moti anathawa nsapato za ayezi zili kuphazi. Otsatira ake ankakonda kuponya zidole za Winnie the Pooh m'bwalo akamaliza sewero, mpaka ana otolera ankachita kutopa. Munthu ameneyu analibenso choti atsimikizire aliyense. Komabe anasankha kuyesa quad Axel, kuzungulira kanayi ndi theka, chinthu chomwe padali pasanapezeke wochikwanitsa pampikisano. Anadumpha, anagwa. Anadzuka, nyimbo ikupitirira, anagwanso pa kudumpha kotsatira. Anadzukanso n'kumaliza sewero lonse mwaulemu wake ngati palibe chachitika.

Mukadula masekondi 15 a Hanyu n'kuwaika pambali pa masekondi 15 a Valieva, muona zofanana: munthu ali pansi pa ayezi. Mukaonera mphindi zonse zinayi muona kusiyana. Wina ndi munthu wamkulu amene wasankha yekha chiphinjo chake ndipo akudziwa mtengo wake. Winayo ndi mwana amene akuluakulu amusenzetsa katundu wawo. Quad Axel uja anadzamukwanitsa ndi Ilia Malinin wa ku America mu September 2022 ku Lake Placid, ndipo mtengo wake ndi 12.5.

Palinso kavidiyo kena komwe ndikukhulupirira kuti ambiri a inu munakaonapo pa Facebook kapena TikTok: mayi wachikuda akupidiguka chammbuyo, mutu kuloza pansi, n'kutera ndi mwendo umodzi. Ameneyo ndi Surya Bonaly wa ku France, ku Nagano mu 1998. Kavidiyoko sikakuuzani kuti kupidiguka koteroko kunali koletsedwa kwa zaka zambiri, ndipo iye ankadziwa kuti amudula mapointi. Sikakuuzani kuti anali katswiri wa ku Ulaya kasanu motsatizana, kuyambira 1991 mpaka 1995, koma pampikisano wa dziko lonse anathera pa siliva katatu. Mu 1994 ku Chiba, ku Japan, anavula mendulo ya siliva ali pansanja posonyeza kusakhutira ndi majaji. Ena amati khungu lake linamulepheretsa, ena amati majaji ankafuna kutsetsereka kofewa kuposa mphamvu zomwe iye anali nazo, ndipo mkanganowo ulipobe. Pofika ku Nagano anali akuvutika ndi mwendo womwe mtsempha wake wa kuchidendene unaduka mu 1996, mwayi wa mendulo utapita. Anapidiguka dala, anamaliza sewero atafulatira majaji, n'kuthera pa nambala 10. ISU inachotsa chiletsocho mu 2024.

Wina amene amandipatsa chiyembekezo ndi Alysa Liu wa ku America. Anakhala katswiri wa dziko lake ali ndi zaka 13, anapita ku Beijing, kenako anasiya masewerowa ali ndi zaka 16 kuti akakhale moyo ngati wa anzake. Patatha zaka ziwiri anabwerera mwa kufuna kwake, ndipo mu March 2025 anapata ukatswiri wa dziko lonse ku Boston ali ndi zaka 19. Mukaonera sewero lakelo mpaka kumapeto, yang'anani nkhope yake akamaliza. Ndi ya munthu amene wachita chinthu chake.

"Za azungu izo, aise"

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri anzanga akandipeza ndikuonera, ndipo sindingawakwiyire popeza ndinayamba kuwalankhula ndine. N'zoona kuti ife ayezi timamudziwira mufiriji ndi pa matalala. Kuzizira kwathu ndi kwa chiperoni cha mu June, ndipo Malawi sinatumizepo munthu ku Olympics ya nyengo yozizira. N'zoonanso kuti masewerowa ndi odula: bwalo lofunika kuziziritsidwa usana ndi usiku, nsapato, aphunzitsi, maulendo. Ngakhale kumayiko olemera, mabanja ambiri sangakwanitse.

Koma si zoona kuti anthu akuda kulibeko. Debi Thomas wa ku America anapata mendulo ya bulonzi pa figure skating ku Calgary mu 1988, kukhala munthu wakuda woyamba kupeza mendulo pa Olympics ya nyengo yozizira. Mu 2018 ku PyeongChang, Nigeria inatumiza Seun Adigun, Ngozi Onwumere ndi Akuoma Omeoga pa bobsleigh, kangolo kothamanga mumsewu wa ayezi. Akwasi Frimpong anayimira Ghana pa skeleton, pomwe munthu amagona chafufumimba pakathabwa n'kutsetsereka mutu uli kutsogolo. Ndipo ku Nagano konkuja, Philip Boit wa ku Kenya anapikisana pa mtunda wa makilomita 10 wotsetsereka pa chipale. Anafika womaliza, koma wopambana, Bjørn Dæhlie wa ku Norway, anamudikira pamzere womalizira n'kumukumbatira. Boit anadzatcha mwana wake dzina lakuti Dæhlie. Apanso, mukangoona kavidiyo ka Mkenya akupepesuka pa chipale mukhoza kuseka. Nkhani ili kumapeto.

Komanso tisanamizane, timaonera Premier League usiku wonse pomwe ambiri a ife sitinapondepo ku England. Kuonera sikufuna chiphaso.

Kwa amene akufuna kuyamba

Nyengo ya masewerowa imayamba chakumapeto kwa August ndi mipikisano ya achinyamata ya Junior Grand Prix, yomwe ISU imaonetsa mwaulere pa YouTube. Mu October ndi November mumakhala mipikisano 6 ya Grand Prix ya akuluakulu, fainolo yake mu December. Ukatswiri wa ku Ulaya ndi wa Four Continents umabwera chaka chikangoyamba, wa dziko lonse mu March, ndipo Olympics ya nyengo yozizira imachitika zaka zinayi zilizonse mu February. Masewero ambiri akale a Olympics ali pa tsamba la Olympics pa YouTube, kuphatikizapo ena mwa omwe ndatchula muno.

Za bando musadandaule kwambiri. Sewero limodzi ndi lalifupi ngati nyimbo imodzi. Tsitsani vidiyo kufika pa 360p kapena 480p, mapazi amaonekabe. Ngati mpikisano uli ku Japan kumbukirani kuti ali patsogolo pathu ndi maola 7, choncho za madzulo kwawo zimatipeza masana. Za ku America zimagwera pakati pa usiku, ndiye ndi bwino kungodikira m'mawa.

Poonera, yambani ndi zinthu zitatu. Choyamba, yang'anani mapazi osati nkhope, muone ngati wanyamuka chakutsogolo kapena chammbuyo. Chachiwiri, munthu akagwa werengani masekondi omwe amatenga kuti abwerere munyimbo, chifukwa nyimbo siyima ndipo kudumpha kwina kumakhala kukumudikira. Chachitatu, musatseke sewero likangotha. Dikirani akakhale pampando wodikirira malikisi, malo omwe amawatcha kiss and cry, muone mmene mphunzitsi akumulandirira. Pamenepo ndi pomwe mumadziwira ngati wosewerayo ali m'manja abwino.

Kavidiyo kaja ndinakafufuta mufoni, koma kugulupu ya anzanga nthawi yokabwezera inali itadutsa. Ndinangolembamo zaka za mtsikanayo ndi zomwe zinamuchitikira. Awiri anayankha kuti samadziwa, mmodzi anati ndayamba kutengeka ndi zinthu zopanda pake, ena onse anangowerenga n'kukhala chete.

Mwana wa achemwali uja anamaliza sekondale. Akabwera kunyumba timaonerabe limodzi, foni titaitsamiritsa pa botolo la shuga patebulo. Iye amasiyanitsa Lutz ndi flip, ine mpaka lero ndimasokoneza. Wosewera watsopano akangolowa m'bwalo, nyimbo isanayambe n'komwe, funso lake limakhala lomwe lija la pakhonde: "Amalume, ameneyu ali ndi zaka zingati?"